Dzina la Akamwini Anga a ku Noweyi

Sekani ndithu, mano ndi anu. Koma manja asaime, fodyayu sadzisankha yekha. Iwe Yankho, tsamba long'ambikalo ukuliphatikiza bwanji ndi labwino? Kapena kusukulu kwanu amaphunzitsa kuti belo likabwezedwa ku okushoni mudzatafuna foni?

Ndamva zimene mwakhala mukunong'onezana kuseri kwa khola. Akuti agogo sangathe kutchula dzina la bambo a Takondwa, lilime lawo ndi lakumudzi. Chisomo wafika pondiika kafoni kake pakamwa kuti ndiyesere, anzake a ku Chisemphere akaseke nawo. Chotsa kanthu kakoko, mwana iwe. Khalani pansi ndikuuzeni za dzina limenelo, poti pamene linkafika kuno ku Chulu ena mwa inu munali kumsana, ena amayi anu anali asanaonane n'komwe ndi abambo anu.

Ine sukulu ndinapitako, musaone makwinyawa. Yathu inali pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi, cholembera chinali chala, kope linali mchenga. Mphepo ikawomba, ntchito ya tsiku lonse yapita, ndipo palibe ankalira. Tinkaimba a e i o u, ba be bi bo bu, mpaka mbuzi za pafupi zinatsala pang'ono kukhoza mayeso. Aphunzitsi ankati mawu ali ngati nzimbe, umadula pamfundo, ndipo chidutswa chilichonse chimatha pakamwa pali potsegula: fo-dya, nya-mu-la, Ka-su-ngu. Ndinakula ndikudziwa kuti Mulungu analenga mawu onse a padziko motero. Atate anandichotsa sukulu nditangotha kuwerenga buku la nyimbo, akuti mtsikana wodziwa zimenezo watsala n'kudziwa kuthirira nazale basi.

Mwana wanga woyamba, amayi anu aakulu a Elube, ndiye anapitiriza sukulu imene ine ndinasiya. Anaphunzira unamwino n'kuyamba ntchito pachipatala china ku Lilongwe. Kumeneko n'kumene anakumana ndi mzungu wokonza makina a m'chipatala, wochokera ku dziko lotchedwa Noweyi. Tsiku limene anabwera kudzandiuza, ndinamufunsa funso limene mayi aliyense amafunsa.

"Mfunda wawo ndi wotani? Ndi a Phiri, a Banda, kapena a Mbewe?"

"Alibe mfunda, amayi."

"Munthu wamkulu wopanda mfunda? Nanga timuitana bwanji, timuimbira mluzu?"

"Ali ndi dzina la makolo awo."

"Litchule."

Elube anakoka mpweya ngati akufuna kusenza thumba la feteleza, n'kutulutsa phokoso linalake. Ine ndinathamanga kukamutungira madzi. Ndimayesa watsamwa.

Nkhani inafala kuti kukubwera mkamwini wa dzina losatchulika, ndiye mudzi unaona kuti tichita manyazi. Aphunzitsi a Mwale, amene anali atapuma ntchito koma pakamwa pawo pasanapume, anadzipereka kutiphunzitsa. Elube anawalembera dzinalo pansi ndi kamtengo. Linayambira pakhonde pano n'kukathera pafupi ndi mtondo. A Mwale analizungulira, manja ali kumbuyo. M'dzinamo munali chilembo cha o cholasidwa ndi mzere pakati. Iwo anati, "Uyu o anamukhwatcha, ndiye kuti analakwitsa polemba. Sawerengedwa." Otsalawo anawadula bwinobwino monga tinkadulira pamchenga paja, kulikonse kumene pakamwa pamafuna kutseka iwo n'kuthirapo i kuti mpweya udutse. Linatuluka lotere: Bi-ji-ri-ki-si-ti-ra-ndi-ha-u-ge-ni.

Ee, ilo ndikhoza kulinena mpaka dzuwa kulowa. Si dzina lawo limenelo, ndi la a Mwale.

Amayi a kumpingo analitenga n'kulipangira nyimbo yolandirira mlendo, ena otsogola ena opolokoza. Anaphunzira madzulo aliwonse pochokera kumunda, ndipo nyimboyo inakoma ndithu. Tsiku lofika, galimoto itaima pamsewu, amayi anavula zitenje n'kuyala panjira, nyimbo n'kuiponya. Mlendo uja, wamtali ngati mlongoti, wofiira ndi dzuwa, anaima n'kumaomba nawo m'manja mosangalala. Kenako anawerama n'kufunsa Elube kuti nyimboyi ikunena za mfumu iti ya m'Baibulo.

Atamuuza, anaseka mpaka kukhala pansi. Ndiye anayamba kufotokoza, Elube akumasulira, ine ndikumvera ndili m'khitchini. Akuti kwawo mawu amawamangirira pamodzi ngati ngolo zokokana. Dzina lawolo ndi mawu atatu: loyamba ndi mtengo wina wa makungwa oyera, lachiwiri ndi gombe, lachitatu ndi kaphiri. Podula sumadula paliponse pamene lilime latopa, umadula polumikizira pokha. Chidutswa choyamba umachimenya mwamphamvu, zinazo zimangotsatira pambuyo. O wolasidwa uja sanakhwatchidwe, ndi chilembo pachokha, umachitchula milomo itasongoka ngati ukuuzira phala la mwana. Ndiponso muli zilembo zina zimene zimalembedwa koma sizitchulidwa, zimangokhalapo phee, ngati achibale aja amene amabwera pamaliro nthawi ya chakudya yokha. A Mwale anamvetsera zonsezo n'kunena kuti chinenero chimenecho chinapangidwa mothamanga. Mpaka lero mudzi uno umati a Bijiri, ndipo iwo amayankha.

Tsono mverani apa, inu amene mumadyera mbale imodzi ndi aliyense. Kale mpongozi ndi mkamwini sankayang'anana kumaso. Amayi anga akaona agogo anu aamuna akubwera panjira, ankapatukira m'chimanga, kaya muli chitedze kaya muli njoka. Zaka zonse zimene malemuwo anakhala pamudzi pano, amayi sanawatchulepo dzina. Akafuna kuwauza kanthu ankauza ine kapena mwana, mwiniwake ali pomwepo akumva. Sikunali kudana. Munthu amene wakutengera mwana wako n'kumamusamala sumutchula dzina ngati mavenda ogula fodya panjinga. Masiku ano ndimaona mkamwini akutumiza apongozi ake mayunitsi, apongozi n'kumayankha ndi tizithunzi toseka. Dziko lapita patsogolo, tikuthokoza.

Ndiye ine ndinachita zimene amayi anga ankachita. Mlendo atakhala pamphasa, ndinagwada chapatali, nkhope nditayang'ana kumbali, n'kuuza alongo anga a Lufeyo, amene anali ankhoswe a Elube, kuti alonjere alendo. Ndisanamalize, ndinangoona mapazi aakulu aima patsogolo panga, dzanja lili tambalala.

"Moni, Rozina!"

Rozina! Dzina limene ndinalimva komaliza amayi anga akundikalipira kuchitsime. Mudzi wonse umati Anaphiri, ngakhale abusa amati Anaphiri. Amayi a kumpingo anagwira pakamwa. Ine ndinangodzuka n'kulowa m'munda wa fodya. Iwo anaganiza kuti sindinamve bwino, ndiye ananditsatira mzere ndi mzere, dzanja likadali patsogolo. Chaka chimenecho fodya wa pakona anathyoka asanakhwime.

Munthuyo anali wamtima wabwino, vuto lake linali lomwelo. Anaganiza kuti ndikuthawa chifukwa cha manyazi a dzina lovuta, ndipo anatsimikiza kundithandiza. Tsiku lina ndikusenda mtedza pakhonde, anabwera ndi mkangala, ndodo yopachikira fodya ija, ataudula patatu. Anaika zidutswazo pansi chimodzichimodzi n'kunena m'Chichewa chake chopunduka, "Amayi, pang'ono pang'ono. Ichi choyamba. Nenani." Ndinatembenukira kukhoma. Anazungulira n'kudzaima pakati pa ine ndi khomalo. Ndinasiya mtedza nkhuku zikudya n'kupita kudimba.

Madzulo ake Elube anandipeza, maso ali ofiira.

"Amayi, akuti mumadana nawo."

"Ndani wanena?"

"Okha. Akuti mudzi wonse ukuyesera dzina lawo ngakhale molakwika, ana omwe, inu nokha simufuna. Akuti simuwayang'ana. Akuti ngati sakufunidwa pano, sadzabweranso kudzakuvutitsani."

Pamenepo ndinachita mantha, sindikubisirani. Mwamuna akapanda kubwera, mkazi amabwera kamodzi kawiri, kenako ndege imayamba kudula. Ana obadwa kumeneko ndikanangowamvera mbiri. Ndinatuma a Lufeyo kuti akawafotokozere mwamuna mnzawo. Alongo angawo anawatengera pansi pa mtengo wa mango n'kuwauza kuti, "Tsiku limene mlongo wangayu adzakutchuleni dzina, mudzadziwe kuti ndinu mlendo wodutsa. Akamakuthawani, ndiye kuti ndinu a pakhomo pano." Akuti akamwiniwo anakanda ndevu, kenako anati kwawo munthu ukamukonda umamuyandikira. A Lufeyo anati n'chifukwa chake kwanu kumazizira, mumafuna kutenthetsana. Akamwini anavomera, koma nkhope yawo inkaoneka kuti avomera za anthu odwala mutu.

Mwana wawo woyamba Takondwa atayamba kuyenda ndi kulankhula, ananditumizira tikiti kuti ndikaone kwawo. Ine amene ulendo wanga wautali unali wokagulitsa mtedza kuboma pangolo, ndinakwera chinthu chopanda malo oimira. Inu mumati kuno mu Juni kumazizira. Kumeneko mphepo imakuluma mano uli chitsekere pakamwa. Chakudya cham'mawa buledi wozizira, chamasana buledi wozizira atamugonekapo nsomba imene sinaone moto. Pazitseko zambiri analembapo kuti fodya ndi woletsedwa, ndipo ndinkadutsa mwaulemu osawauza kuti ndine ndani.

Chovuta chinali nyumba. Inali pamwamba pa nyumba zina, ndipo zipinda zonse zinkatulukira m'kanjira kamodzi kopapatiza. Mpongozi upatukira kuti pamenepo? Chimanga palibe, khola palibe. Tsiku loyamba tinakumana m'kanjirako, ine n'kulowa chitseko chimene chinali pafupi. Munali mosungira nsapato ndi majekete, ndipo ndinakhalamo mpaka anapita kuntchito. Kuyambira pamenepo anayamba kutsokomola asanatuluke m'chipinda, kuti ndidziwe. Anthu oyandikana nawo anafunsa Elube ngati amuna ake apita kukayezetsa chifuwa. Chifuwa chimenecho chinandikondweretsa kuposa mphatso zonse zimene anandigulira.

Amayi a akamwini anga ndinawaona, gogo wa tsitsi loyera wovala thalauzi. Elube wanga, amene ndinamulera ndi manja awa, ankawaitana ndi dzina lawo la ubatizo, n'kumakhala nawo mpando umodzi miyendo ili piringitsa. Ndinayang'ana kudenga kudikira kuti ligwe. Silinagwe.

Mawu a kumeneko ndinawaona ndi maso anga pazikwangwani, aatali ngati mzere wa mathirakitala opita ku okushoni. Amene anandiphunzitsa kuwadula ndi Takondwa, poti kusukulu yawo ya ana amawaphunzitsa kudula mawu akuomba m'manja. Sukuluyo amaitcha barnehage. Musati ba-ra-ne-ha-ge ayi, a Mwale asakumveni. Ndi barne, ndiye hage, kutanthauza dimba la ana. Ndinati apo pokha anaganiza bwino, ana ndi nazale, ukagona tsiku limodzi apserera. Chipatala ndi sykehus, syke ndi hus, nyumba ya odwala. Mawu awo amakwera n'kutsika ngati anthu a kumpoto kwa Chulu akamalankhula Chitumbuka, moti sudziwa ngati munthu akukufunsa kapena akukuimbira nyimbo. Ine ankanditcha mormor. Ndi mor kawiri, mayi wa mayi. Agogo a kuchimuna ali ndi dzina lawo lina, sasakaniza. Ndinati anthu awa ngakhale sadziwa ulemu, akudziwa kuti mwana ndi wa kuchikazi.

Dzina lija ndinalimva tsiku ndi tsiku, poti Takondwa ankaliphunzira ngati lake, akuomba m'manja pachidutswa chilichonse pamene ndinkamuveka nsapato. Linalowa m'mutu lonse, o wolasidwa ndi zilembo zaulesi zija zomwe. Pobwerera ndinalitenga pamodzi ndi juzi limene anandigulira. Juzilo ndinavala mpaka linatha.

Ankabwera nthawi ya chilimwe cha kwawo, ana akatsekera sukulu. Kunabadwa mng'ono wake wa Takondwa, ndipo onse awiri ankathamanga opanda nsapato pabwalo pano n'kumadya mbewa kuposa inu. Bambo awo ankati akandiona panjira, iwo ndi amene ankayamba kupatuka, nthawi zina tonse awiri n'kupatukira mbali imodzi. Ndinkaganiza kuti zidzakhala choncho mpaka Elube adzandiike m'manda.

Koma Mulungu anasintha mzere. Elube anayamba kudwala m'mimba. Mawu aja ndinawaphunzira ndikuseka, sykehus, ndinayamba kuwamva pafoni sabata iliyonse, kenako tsiku lililonse. Namwino amene anasamala ana a eni ake ambirimbiri, matenda ake anakana mankhwala a azungu omwewo. Anamwalira nthawi ya mvula, fodya akuthenedwa. Zimenezo sindizinena zambiri, zimandiwawabe ngati dzulo.

Anthu ankati aikidwa konko, ndani angawononge chuma kunyamula maliro pandege. Akamwini anga anabwera naye. Anatsika pagalimoto ndi bokosi ndi ana awiri, ataonda ngati mkangala, n'kukhala pansi m'matope pamodzi ndi amuna anzawo. Sanafunse mpando.

Titaika maliro n'kumeta, a Lufeyo anati popeza munthuyu akubwerera kutali, timusudzule msanga. Inu simunaonepo kusudzula, mumangodziwa kufufutana m'mafoni. Mkazi akamwalira, abale ake amamasula mwamuna. Amamuthokoza n'kumuuza kuti ukwati watha, apite kulikonse akakwatire, pamudzi pano alibenso mangawa. Ndi mwambo wabwino, umachitira munthu chifundo. Koma ine ndinafunsa alongo anga kuti nanga ana.

"Ana ndi athu, mlongo. Ndi mbumba yathu, mwambo umatero."

"Mwambo umatero, ee. Mudzakawatenga ndinu panjinga yanu ija yopanda mabuleki?"

Onse ankadziwa zimene ine ndinkadziwa, kuti munthu womasulidwa alibe chomubweretsanso ku Chulu. Adzalira chaka chimodzi, adzapeza mkazi wa kwawo wodya buledi wozizira, ndipo ana a Elube adzakula akudziwa kuti kwinakwake kotentha kuli manda a amayi awo. Ndinali nditaika mwana mmodzi, ndipo m'mawa umenewo ndinkaona kuti ndikuika ena awiri.

Anayala mphasa pabwalo pano. Akamwini anakhala pakati, mutu wometa uli wofiira, ana atawakhalira m'mbali. Abale anadzaza mpaka kumtondo, a Mwale ali kutsogolo ngati ndi amene aitanitsa msonkhano. Ine ndinakhala chapatali monga mwa nthawi zonse. A Lufeyo analankhula bwino, zoyenera kunenedwa zonse ananena. Pomaliza, pofuna kumusangalatsa munthu wolira, anawonjezera zawozawo.

"Kuyambira lero ndinu mfulu. Simulinso mkamwini pano. Zothawana zija zatha. Mlongo wangayu tsopano akhoza kukugwirani chanza, kudya nanu mbale imodzi, ngakhale kukutchulani dzina limene munkalifuna lija."

Anthu anaseka pang'ono, kuseka kwa pamaliro. Akamwini sanaseke. Anadzuka, anayenda mpaka pamene ndinakhala, n'kugwada. Aka kanali koyamba kuti ndiwaone nkhope pafupi. Maso awo ndi obiriwira, sindinkadziwa.

"Amayi," anatero, "akuti tsopano mukhoza kunena."

A Mwale anatchera khutu kuti amve ngati ndidule bwino. Dzinalo linali pakamwa panga lonse, mtengo, gombe ndi kaphiri, chilichonse pamalo pake. Ndikanalitchula mosaphonya, anthu akanaomba m'manja, iwo akanandigwira chanza n'kukakwera ndege.

Ndinakoka chitenje kuphimba nkhope, n'kutembenukira kukhoma.

"A Lufeyo," ndinatero, "auzeni akamwini anga kuti agwada pafupi kwambiri. Anthu aziti pakhomo pano palibe mwambo."

"Mlongo, si tangowasudzula kumene?"

"Mwasudzula ndinu. Ine makutuwa anakalamba, sindinamve."

Ndinamva kupuma kwa akamwini anga kumbuyo kwanga, kolemera, kenako phokoso la munthu wamkulu akulira mosabisa. Ndinamva mawondo akukwekwereza kubwerera m'mbuyo. Nditasuzumira pansi pa chitenje, ndinaona atandifulatira, akuyang'ana alongo anga.

"A Lufeyo," anatero m'Chichewa chawo chopunduka chija, "afunseni apongozi anga kuti chigafa chawo choyanikamo fodya chimafoleredwa mwezi uti. Ndi ntchito ya mkamwini imeneyo."

Ndi chomwecho chili kuseri kwa nyumbacho. Chimadontha mbali zonse, udzu anauyala chafufumimba, ndipo chaka chilichonse amabwera ndi ana kudzachiwononganso. Wina aliyense asachikhudze.